Chiwindi cha Mkazi Wina

Ndikudziwa kuti ena mukamawerenga izi muziti mayi ameneyu wangokhala pansi n'kupeka, koma ndikunenetsa kuti zonse ndikulemba panozi zinachitika m'nyumba mwanga, ndipo anthu amene tinkapemphera nawo limodzi ku Oshawa zaka zimenezo akhoza kundiikira umboni, ngakhale sinditchula dzina la munthu aliyense. Ine ndine mayi wamba, ntchito yanga chifikireni ku Canada kuno yakhala yosamalira okalamba, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi, ndiye sindine munthu woti n'kuopsezedwa ndi matenda. Koma zimene ndinaona pa diso la amuna anga tsiku lina masana, anthu ali piringupiringu, mpaka lero ndikazikumbukira thupi limachita tsemwe.

Amuna anga ankagwira ntchito pa fakitale ina yopanga zitsulo za magalimoto. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anayamba kuwonda, maso kuchita chikasu, mimba kutupa, ndipo atawayeza kuchipatala chachikulu ku Toronto anapeza kuti matenda a chiwindi amene anabwera nawo kuchokera kumudzi osadziwa anali atabala chotupa cha khansa. Anati pafunika chiwindi china, koma odikira anali ambiri, ndipo chotupa sichidikira munthu. Tinali ndi mwana mmodzi yekha wamkazi, ali ku sekondale, ndipo ine ndinali nditayamba kale kuganiza za mmene ndidzamuuzire kuti bambo ake atisiya.

Ndiye tsiku lina madokotala anatiitana n'kutiuza kuti pali njira ina. Anati pali wodwala wina amene akumuchotsa chiwindi chake kuti amuike cha munthu womwalira, chifukwa kubanja kwawo kuli matenda akumtundu amene gwero lake ndi chiwindi. Chiwindi chochotsedwacho pachokha chinali chabwinobwino, chogwira ntchito zake zonse, kungoti chimatulutsa tinthu tina m'magazi timene timakaunjikana pang'onopang'ono m'mitsempha ndi m'ziwalo zina. Anati kuti tinthuto tidwalitse munthu pamapita zaka zambirimbiri, ndipo amuna anga, amene anali atapitirira zaka makumi asanu, mwina adzakalamba matendawo asanaonekere. Sanatibisire, ndisawanamizire. Koma inu, munthu akukuuzani kuti mwamuna wanu amene mumayesa wapita akhala moyo, mungamve chiyani chinanso? Ine ndinangomva mawu amodzi okha, akuti akhala moyo, ndipo tinavomera.

Opaleshoni inayenda bwino. Malamulo ake ndi akuti wopereka ndi wolandira asadziwane, koma odwala awiri opangidwa opaleshoni tsiku limodzi, ogona mu wodi imodzi, oyendetsedwa m'khonde limodzi aliyense akukoka chitsulo chake cha diripi, angalephere bwanji kuzindikirana? Mchemwali wake wa wodwala winayo ndi amene anatayika pakamwa tili m'chipinda chodikirira, ndipo pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti chiwindi chili mwa amuna angacho n'cha mkazi. Anali mayi wachipwitikizi, wocheperapo kwa ine, wamtali, watsitsi lakuda lofika m'chiuno, wosakwatiwa. Poyamba ndinamukumbatira, ndinamulirira paphewa, ndinamuuza kuti Mulungu amudalitse. Nsanje inabwera pambuyo, mwakachetechete, ndipo sindikukubisirani kuti itabwera inakhazikika.

Zinayamba ndi masiku okayezetsa magazi. Awiriwa ankapatsidwa masiku ofanana, ine ndili ku shifiti, ndiye amuna anga ankabwera madzulo ali ndi nkhani za mayi uja zokhazokha, kuti lero mlongo wanga wanena zakuti, mlongo wanga wandipatsa buledi wakwawo, mlongo wanga akuti ndizimwa madzi ambiri. Mlongo wochokera kuti? Ndinawafunsa tsiku lina kuti kodi abambo, mlongo ameneyu anabadwira kwanu ku Dedza liti osandiuza, iwo n'kungoseka kuti mayi a mwana musatero, munthu amene wakupatsa chiwalo chake ndi m'bale kuposa wobadwa naye. Ukachitira nsanje mkazi amene wapulumutsa mwamuna wako, anthu amati ndiwe wosayamika, ndiye ndinkangomeza.

Kumacheza a Amalawi ku Markham nakonso sankandisiya. Azibambo ankawaseka amuna anga kuti masiku ano akufatsa chifukwa ali ndi chiwindi chachikazi, ndipo mayi wina wa ku Zambia amene tinkagwirizana kwambiri anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti mwana wa amayi, mitala ina imaoneka ndi maso, koma yako ndi yoopsa chifukwa mkazi mnzako amagona m'kati mwa mwamuna wako. Ankanena moseka, koma mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Ndikagona pambali pa amuna anga, dzanja langa likakhudza chipsera chachikulu cha pamimba chija, ndinkalichotsa msanga ngati ndagwira chinthu cha mwini.

Zaka zinapita ndithu, amuna anga ananenepa, anabwerera ku ntchito, mwana wathu anamaliza sekondale n'kupita ku koleji, ndipo ubale wa awiri aja sunazirale. Mayi uja ankakhala ku Mississauga, ndipo pa Khirisimasi tinkapita kukamuona, ine nditavala nkhope yachimwemwe. Ulendo wina ndinaona kuti akuthira tiyi pambali pa kapu, ndipo nditamuyang'anitsitsa pafupi ndi windo ndinaona kuti kamwana ka diso lake, kakuda ka pakati kaja, sikanali kozungulira ngati ka anthu onse, m'mbali mwake munali manomano ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi. Ndinangoti mumtima ndi matenda akwawo aja, n'kuiwala.

Cha kumapeto kwa zaka zimenezo amuna anga anayamba kusintha. Akaweruka ku ntchito ankaimika galimoto panja koma osatsika, ndikasuzumira pawindo ndimawaona foni ili kukhutu, mutu uli pansi, nthawi yaitali. Akalowa ndikawafunsa, ankati ndi anzawo a ku fakitale. Anasiya kundiyang'ana m'maso polankhula. Anayamba kugona atavala masokosi ngakhale nyengo yotentha, kuyenda mokhukhuza mapazi, ndipo zakuchipinda zinatheratu, mundikhululukire akuluakulu, koma popanda kunena zimenezi simungamvetse mmene mtima wanga unalili. Mkazi aliyense akudziwa zimene ndinaganiza. Mwamuna wobisa foni, wothawa maso ako, wosakukhudza, ungati chavuta n'chiyani? Ndinkadziyang'ana pa galasi, manja okhakhala ndi sopo wa kuntchito, n'kumaganiza za tsitsi lija lofika m'chiuno.

Tsiku ndikunenali linali Loweruka m'chilimwe, tili ku paki ina pafupi ndi nyanja ya kuno, mpingo wathu ukuwotcha nyama. Amuna anga anakhala pa benchi akukambirana za mpira ndi azibambo anzawo, ine ndinawatengera mbale n'kugwada pang'ono kuti ndiwapatse, ndiye nkhope yanga inali pafupi ndi yawo. Kantchentche kakang'ono kanabwera n'kutera pa diso lawo lakumanzere, osati pa chikope ayi, pa diso penipeni, n'kuyamba kuyenda kuchoka poyera kupita pakuda. Amuna anga sanaphethire. Anapitiriza kulankhula, akuseka, diso lili tong'o, kachilombo kakuyendayenda pamenepo ngati pa diso la mbuzi yophedwa. Ine ndasamalira anthu ambiri pa ntchito yanga mpaka kuwatseka maso, ndipo ndikudziwa kuti diso limene ntchentche imayendapo osaphethira ndi la munthu wotani. Mbale inandipulumuka. Nditawagwira chibwano kuti ndikathamangitse, ndinaona chinthu china: kamwana ka diso lawo kanali ndi manomano m'mbali, chimodzimodzi ka mayi uja. Ndinali kuyang'ana nkhope ya amuna anga, koma diso limene linkandiyang'ana linali la mkazi wina.

Sindinakuwe. Ndinangowafunsa chapansipansi kuti abambo, simunamve kanthu m'disomu, iwo n'kundichotsa dzanja mwaulemu kuti mayi a mwana, pali anthu pano. Pobwerera kunyumba ndinakana kuti adiraive, ndipo sanalimbane nane, zimene zinandiopsa kwambiri chifukwa amuna anga sankalola munthu kugwira chiwongolero chawo. Njira yonse ndinkangokumbukira mawu a mnzanga wa ku Zambia aja. Ine ndinakulira mu mpingo, za ufiti sindinkazilabadira, koma tsiku limenelo ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti mayi uja sanakhutire ndi chiwindi, wayamba kuwatenga amuna anga chiwalo chimodzichimodzi kuchokera m'kati, ndipo tsiku lina ndidzadzuka n'kupeza kuti amene wagona pambali pangayo ndi iyeyo.

M'mawa mwake ndinanena kuti sindipita ku tchalitchi, ndinakwera galimoto ndekha mpaka ku Mississauga. Ndinali nditakonza mawu, ndipo sanali mawu abwino. Nditagogoda panapita nthawi, kenako ndinamva kukhukhuza kwa mapazi kumene ndinkakudziwa bwino, kofanana ndi kwa m'nyumba mwanga. Chitseko chitatseguka ndinabwerera m'mbuyo. Mkazi amene ndinkamuchitira nsanje zaka zonsezi anali atatha ngati bango, atagwira ndodo, tsitsi lija atalidula, maso ali mbuu akuyang'ana pamwamba pa phewa langa, ndipo anafunsa kuti ndani. Nditatchula dzina langa anangoti wakhala akundidikira, ndilowe.

Sindinakhale pansi. Ndinamufunsa ndili chiimire kuti amuna anga wawachita chiyani, ndipo amakambirana chiyani pa foni tsiku ndi tsiku. Iye anafufuza mpando ndi dzanja, n'kukhala, n'kundifunsa kuti kodi afika pati, ndi mapazi okha kapena maso ayambanso. Nditamuuza za kantchentche kaja nkhope yake inakwinyika, mapewa n'kuyamba kugwedezeka, kukamwa kukutuluka mawu a munthu wolira, koma m'maso mopanda ngakhale dontho limodzi. Simunaonepo munthu akulira chonchi, ndipo ndikupemphera kuti musadzamuone. Anandiuza kuti misozi inamuuma kalekale, ndi mmene matendawa amachitira.

Kenako anandifotokozera zonse. Anati kwawo matendawa amawatchula kuti matenda a mapazi, chifukwa amayamba ndi dzanzi ku zala za kumapazi n'kumakwera, ndipo anatenga mayi ake ndi mchimwene wake. Anati iye chiwindi chatsopano chija chinamuchedwetsera imfa, koma maso sanapulumuke, amaona ngati akuyang'anira mu ulusi wa kangaude. Ndipo anati amuna anga anamuimbira chaka chapitacho kumuuza kuti mapazi awo achita dzanzi, akuponda pansi ngati aponda thonje, kenako kuti m'maso mukuuma, kenako kuti galimoto zodutsa kumanzere akumazizindikira zitafika kale. Iye anawachonderera kambirimbiri kuti apite kwa dokotala ndiponso kuti andiuze ine, koma iwo ankakana, ankati mkazi wanga wavutika kale mokwanira, ndipo akadziwa adzakuda iwe. Mafoni onse aja anali a zimenezo. Munthu wamkulu ankakhala m'galimoto panja pa nyumba yake akufunsa mkazi wina kuti kodi chotsatira n'chiyani, zimapweteka bwanji, mayi ako anatha nthawi yaitali bwanji.

Mwina mukuganiza kuti pamenepo mtima wanga unakhala pansi, poti panalibe chibwenzi. Ayi ndithu. Ndikukuuzani zoona, bola chikanakhala chibwenzi, chifukwa chibwenzi ndikanadziwa pochigwira, ndikanaitana ankhoswe, ndikanakalipa, zikanatha. Koma apa amuna anga anatenga mantha awo, chinthu chimene mwamuna sapatsa munthu wamba, n'kukachitula kwa mkazi wina, ine amene ndinawasambitsa ali gone m'chipatala ndikungopatsidwa nkhani za mpira. Ndinatuluka m'nyumba muja nsanje itakula kuposa mmene ndinalowera, kungoti tsopano inalibe pogwira, chifukwa munthu wosaona, woyenda ndi ndodo, amene wangokupepesa chifukwa cha chiwindi chimene anapereka ndi mtima wabwino, ungamukalipire bwanji?

Nditafika kunyumba ndinawapeza amuna anga atakhala m'khitchini. Ndinawavula masokosi, ndipo pansi pa phazi limodzi panali chilonda chimene iwo sankachimva n'komwe. Ndinawafunsa kuti abambo, ine ndinakulakwirani chiyani kuti mundisandutse mlendo, iwo n'kuyankha kuti mayi a mwana, inu mukanandimvera chisoni, koma uja amadziwa njira chifukwa anadutsamo. Yankho limenelo linali loona, ndipo n'chifukwa chake linandipweteka.

Sabata yomweyo tinapita kuchipatala, mwana wathu anabwera kuchokera ku koleji kudzatithandiza kufunsa mafunso, poti iye Chingerezi cha madokotala sichimuvuta, ngakhale Chichewa amangomva osayankha. Anawayeza mitsempha, anadula kanyama pang'ono kukaunika, ndipo anatsimikiza kuti ndi matenda omwe aja, dzina lake amiloyidosisi, ochokera ku chiwindi cholandira chija, ndipo abwera msanga kuposa mmene aliyense ankayembekezera. Dokotala wa maso, mayi wofatsa kwambiri, anatiuza kuti mitsempha ya pa diso inali itafa dzanzi, n'chifukwa chake sankamva kanthu, ndipo poti misozi inauma, diso lakumanzere linali litachita chilonda iwo osadziwa. Anatinso mphamvu ya madzi a m'kati mwa diso inakwera n'kuwononga mtsempha woonera, ndipo zimene zawonongeka sizibwerera. Ndinafunsa kuti akanabwera chaka chatha bwenzi zili bwanji, dokotala anangoti bwenzi titapulumutsa zambiri. Ndinawayang'ana amuna anga, iwo anayang'ana pansi.

Diso lakumanzere analisoka zikope mbali imodzi kuti chilonda chipole, koma kuona kwake kunapita. Lakumanja analipanga opaleshoni yotsitsa mphamvu ya madzi ija, ndipo linatsala ndi kuona pang'ono, ngati munthu wosuzumira pa bowo la kiyi. Layisensi yoyendetsera galimoto anawalanda, ntchito inatha. Za chiwindi china anakambirana, koma anati mtima wawo nawo wakhudzidwa, sungapirire opaleshoni yaikulu kachiwiri. Ine ndinachepetsa mashifiti, ndipo ntchito yodontheza mankhwala m'maso, imene ndinkachitira makolo a anthu ena, ndinayamba kuichita kunyumba kangapo pa tsiku.

Chimene amuna anga anandipempha chinali chimodzi, kuti Loweruka ndiziwaperekeza ku Mississauga. Ndinkawaperekeza. Awiriwo ankakhala pakhonde, aliyense ndi ndodo yake, akufotokozerana zimene akuona ndi zimene asiya kuona, nthawi zina n'kumaseka zinthu zimene ine sindinkazimvetsa, ine ndili m'khitchini ya eni ndikutsuka makapu mwaphokoso kuti adziwe kuti ndilipo. Nthawi ya mankhwala ikakwana ndinkatuluka, n'kudontheza m'maso mwa amuna anga, kenako mwa mayi aja, chifukwa manja awo anali atasiya kugwira kabotolo. Ndinkawagwira chipumi bwinobwino, sindinawapwetekepo, koma musandiyese woyera mtima, m'kati ndinkapsa.

Amuna anga anakhala zaka zingapo, anamuona mwana wathu atavala gauni ya koleji ndi diso lawo limodzi lija, kenako mtima unaima. Tisanatumize thupi kumudzi, mayi aja anabwera pa njinga ya olumala, n'kundipempha kuti ndiwalole atsanzike. Ndinaganiza kuti akufuna kugwira nkhope, koma anati ndiwaike dzanja pamene pali chiwindi. Anthu onse ankandiyang'ana. Ndinatenga dzanja lawo lozizira lija n'kuliika kumanja, pansi pa nthiti, pamwamba pa jekete imene ndinasita ndekha, ndipo ndinaligwirizira pamenepo mpaka atamaliza kunong'ona m'chinenero chawo.

Lero za ufiti ndinazisiya, ndikudziwa kuti mayi aja sanalodze munthu, ndipo madokotala sanatinamize, anatiuza zimene ankadziwa pa nthawiyo. Mutandibwezera tsiku lija n'kundifunsanso ngati tilandire chiwindicho, ndingavomerenso, chifukwa zaka zimene chinatipatsa sizinali zochepa. Koma ndimakhulupirira kuti chiwalo cha munthu sichibwera chokha, chimabwera ndi zakwawo, ndipo chimatenga malo m'banja amene mkazi wa m'nyumba sangawalande. Kwathu ku Mulanje mkazi amakaikidwa kwa amalume ake, ndiye ine ndikadzafa sindidzagona ku Dedza. Amene anagona kale kumeneko, m'bokosi limodzi ndi amuna anga, pakati pa makolo awo, ndi mayi aja, kudzera m'chiwindi chawo chija. Zimenezi zimandiwawabe, ndipo sindikuona kuti zidzasiya.

Ndiye inu amene muli ndi m'bale amene anaikidwa chiwindi, funsani madokotala kuti chinachokera kwa munthu wotani, ndipo ngati n'cha mtundu umenewu musadikire kuti adandaule, chifukwa matendawa amayamba ndi kupha ululu womwe ukanamuchenjeza. Mupite naye akayezedwe maso ngakhale akunena kuti akuona bwino, muzimuvula masokosi n'kuyang'ana mapazi. Ndipo azibambo inu, mukamva chachilendo m'thupi, uzani mkazi amene mumagona naye m'nyumba. Amuna anga ankati akunditeteza, koma chaka chimene anakhala chete chija chinawadyera diso, ndipo ine chinandidyera chinthu chimene dokotala aliyense sangachisoke.